Chipani chikagonja, mtsogoleri atule pansi udindo pomwepo kapena adikire msonkhano waukulu?

Mlembi_wa_Dera

Moni nonse. Ine ndine mlembi wa chipani m'dera la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo chipani chathu chinagonja pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Dzina la chipanicho ndilisunga, chifukwa ndikangolitchula pano ena muyamba kusereula, ena kutukwana, funso langa n'kusowa woliyankha.

Funsolo ndi ili: chipani chikagonja, makamaka chimene chinali m'boma, mtsogoleri wake atule pansi udindo pomwepo, kapena akhalebe pampando mpaka msonkhano waukulu? Nanga akakhalabe, akhale kuti akonze njira ya wodzalowa m'malo mwake, kapena ali ndi ufulu wodzayesanso?

Ndikufunsa chifukwa komiti yathu yagawanika pawiri, ndipo ine wolemba mfundo za pamsonkhano ndatopa n'kulemba mikangano. Achinyamata akuti bwana apite lero lomwe. Akuti nkhope yomwe inali papepala lovotera ndi yawo, amene anthu akana ndi iwowo, mutu ukakula sulewa nkhonya. Apampando athu pamodzi ndi amayi amene akhalitsa m'chipanimu akuti ayi. Akuti kuchotsa bwana panopa n'kutsegulira khomo anthu onse amene akuutolera malovu mpandowo, aliyense ndi kagulu kake, ndipo pofika chisankho china tidzakhala titasanduka tizipani ting'onoting'ono.

Ine ndikupendekera kwa achinyamata, pa chifukwa chimodzi. Bwana ali pampando, palibe amene angayerekeze kunena chenicheni chomwe chatigonjetsa. Kumsonkhano wachigawo wounikira zotsatira, aliyense wopatsidwa mpata ankayamba n'kuyamikira utsogoleri wanzeru, kenako n'kumaliza ndi mawu akuti anatibera. Koma mamonita a m'dera langa ndinawalemba ndine, mapepala a zotsatira ochokera m'malo onse ovotera ndinasonkhanitsa ndine, osayinidwa bwinobwino, ndipo ali m'katoni kunyumba kwanga. Kwathu kuno palibe anaba. Anthu amene anativotera ulendo wapitawo ulendo uno ena anangokhala pakhomo, ena anavotera mbali inayo dzuwa likuswa mtengo. Ukanena zimenezi pamaso pa akuluakulu, amati watumidwa.

China ndi ichi. Anthu amene ankatithandiza tili m'boma sakuyankhanso mafoni. Lendi ya ofesi yathu ya dera tikusonkherana tokha a m'komiti. Phungu amene wapambana m'dera loyandikana nalo ndi munthu wathu yemwe, anamupondereza pa chisankho chachipulula, iye n'kuima payekha, ndipo tsopano a chipani cholamula akumunyengerera usana ndi usiku. Zonsezi zikufuna munthu wolamula kulikulu, koma kulikuluko aliyense akudikira kuti aone kaye mphepo ikulowera kuti.

Ndayesa kuwerenga za m'maiko ena, zangondiwonjezera chizungulire. Ku Britain John Major atagonja mu 1997 analengeza m'mawa mwake kuti akusiya utsogoleri wa chipani, Rishi Sunak mu 2024 anachitanso chimodzimodzi. Achinyamata athu amatchula amenewa. Koma apampando nawonso ali ndi zitsanzo zawo, ndipo n'zamphamvu. John Mahama wa ku Ghana anagonja ali pampando mu 2016, anagonjanso mu 2020, koma mu December 2024 anapambananso chisankho. Peter Mutharika anatuluka m'boma mu June 2020, ambiri n'kumati zawo zatha, koma mu September 2025 anapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ali ndi zaka 85. Ndiye apampando akandifunsa kuti bwanji athu asayesenso, ndimasowa chowayankha.

Amene munaonapo zoterezi, ndithandizeni maganizo.

Aphunzitsi_Opuma

Alembi, mwafunsa mwaulemu, ndiye ndikuyankhani mwachifatse. Ndale za m'chipani ndidazisiya kalekale koma ndakhala ndikuzitsatira kuyambira pa riferendamu ya 1993. Mundikhululukire ndikatalikitsa, ndi matenda a ntchito yathu.

Mukaunika zipani zomwe zidatulukapo m'boma ku Malawi, muona kuti kupita kapena kukhala kwa mtsogoleri pakokha sikufotokoza chomwe chidazichitikira. Yambani ndi MCP. Mu 1994 Kamuzu adagonja kwa Bakili Muluzi, koma chipani chidatuluka ndi aphungu 56 mwa 177, chili ndi mphamvu zake ndithu. Kamuzu adali atakalamba, ndipo adamwalira mu 1997. Chomwe chidasowa ndi njira yosankhira wolowa m'malo yomwe wogonja akadaivomereza. Gwanda Chakuamba ndi John Tembo adakokanakokana zaka zambiri, kumisonkhano ndi kumakhoti komwe, mpaka pa chisankho cha 2004 onse awiri adapezeka papepala lovotera, a Tembo pa tikiti ya MCP, a Chakuamba pa Mgwirizano. Mukaphatikiza mavoti a awiriwo ankaposa kutali a Bingu wa Mutharika amene adapambana. Ganizirani zimenezo. Mwayi wobwerera m'boma patangotha zaka 10 udalipo, koma chipani chidadikira zaka 26. Chidayamba kudzuka pomwe msonkhano waukulu wa mu 2013 udasankha Lazarus Chakwera, munthu wochokera kuubusa amene sadali mbali ya mkangano wakalewo. Ndipo ngakhale iwowo adagonja kaye mu 2014, n'kudzalowa m'boma mu 2020, khoti litafafaniza chisankho cha 2019.

UDF yokha nkhani yake njachilendo, chifukwa idapambana chisankho cha 2004 koma n'kupezeka kumbali yotsutsa Bingu atatuluka n'kuyambitsa DPP mu 2005. A Muluzi adagwirabe chipani, adafuna kuimanso mu 2009, koma adaletsedwa popeza adali atalamulira kale kawiri. Pofika nthawi imeneyo kudali kutada kuti akonze wina. Chipani chomwe chidali ndi aphungu 85 mu 1994 chidatsala ndi 17 mu 2009, 14 mu 2014, ndi 10 mu 2019.

Ya PP ndiyo ndikufuna muyisunge. Mayi Joyce Banda atagonja mu 2014 sadatule pansi udindo, komanso sadakhale pamalo kuti ayendetse chipani. Adakhala kunja kwa dziko pafupifupi zaka zinayi, n'kubwerera mu 2018. Aphungu adachoka pa 26 kufika pa 5. Mpando wokhala ndi mwini wake koma wopanda wokhalapo ndi woopsa kuposa zonse ziwiri mwafunsazo, chifukwa wofuna kugwira ntchito amaoneka wolanda, ndipo wodikira amaona anzake akuthawa mmodzimmodzi.

Tsono yankho langa ndi ili. Chomwe chimadya chipani chogonja n'kusadziwika kwa tsiku. Bwana wanu angathe kukhala chaka chathunthu osavulaza chipani, bola anene poyera kuti msonkhano waukulu udzachitika mwezi wakutiwakuti, ndipo anenenso ngati adzapikisane nawo kapena ayi. Akangoti nthawi yake ikadzakwana tidzanena, basi, aliyense wofuna mpando ayamba kampeni yausiku, ndipo kampeni yausiku imayenda ndi miseche.

Chitsanzo cha ku Britain chomwe achinyamata anu akutchula achiwerenge mpaka kumapeto. Major atachoka mwachangu mu 1997, chipani cha Conservative chidasankha William Hague m'masabata ochepa, ali ndi zaka 36. Adagonja koopsa mu 2001. Adabwera Iain Duncan Smith, aphungu ake omwe adamuchotsa asadaonepo chisankho. Amene adachita mwanzeru ndi Michael Howard. Atagonja mu May 2005 adanena mwamsanga kuti achoka, koma adakhalabe mpaka December. M'miyezi imeneyo adakweza achinyamata awiri, David Cameron ndi George Osborne, kuwapatsa maudindo akuluakulu kumbali yotsutsa kuti anthu awaone ntchito zawo. Ofuna mpando adapikisana poyera, Cameron adapambana, ndipo mu 2010 adakhala nduna yaikulu. Howard adakhala kuti apereke mpando, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake palibe adaona chifukwa chomukankhira.

Msungichuma_Wakale

Aphunzitsi anena zambiri zoona, koma adumpha nkhani ya ndalama, ndipo ine amene ndinasungapo thumba la chipani pachigawo ndikuuzani kuti mkangano wonsewu umathera pamenepo.

Achimwene alembi, dzifunseni kuti msonkhano waukulu mukuufunawo alipire ndani. Nthumwi zimachokera m'dziko lonse. Zimafuna mayendedwe, pogona, chakudya, holo, mapepala ovotera. Chipani chili m'boma zimenezi sizivuta, amalonda ofuna makontirakiti amabwera okha, nduna zimasonkha. Chikangotuluka m'boma amatsala ndi ndalama ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo mmodzi mwa iwo amakhala bwana yemweyo. Wolipira msonkhano ndi amene amasankha tsiku, malo, ndi mndandanda wa nthumwi. Ndiye mutha kufuula kuti tikufuna msonkhano, iwo n'kukupatsani, koma zotsatira zake zitalembedwa kale.

Zipani zolamula zimaiwala kugulitsa makadi a umembala chifukwa ndalama zake zimaoneka zochepa. Zimaiwalanso kusiyanitsa katundu wa chipani ndi wa boma. KANU ya ku Kenya inalamula kuyambira 1963, koma itagonja mu December 2002, boma la Mwai Kibaki linailanda nyumba ya KICC mumzinda wa Nairobi, momwe munali likulu lake, patangopita miyezi yochepa. MCP nayo inaona zofanana pomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la 1995 lochotsa Press Trust m'manja mwa akuluakulu ake. Kaya kulandako kunali koyenera kapena ayi ndi nkhani ina. Mfundo yanga njakuti chipani chimadzuka m'mawa n'kupeza kuti zomwe chinkayesa zake sizinali zake.

Malamulo aakulu a dziko la Malawi, gawo 40, amati chipani chomwe chapeza mavoti opitirira limodzi mwa magawo khumi chizilandira thandizo la ndalama kuchokera ku boma. Maiko ambiri ali ndi dongosolo lofanana nalo. Ngati kwanuko ndalama yotere ilipo, funso loyamba kulikulu likhale lakuti imalowa mu akaunti iti ndipo amasayinira ndani. Ine ndikanakhala inu, ndisanakambe zoti bwana apite, ndikanayamba ndafunsa lipoti la zachuma la kampeni. Mudzaona okha amene asinthe nkhope.

Za lendi mukusonkheranayo musachite nayo manyazi. Lembani dzina la aliyense wosonkha ndi kuchuluka kwake m'buku. Amenewo ndiye mamembala anu enieni, ndipo tsiku losankha nthumwi bukulo lidzakuthandizani pomwe anthu amene anasowa adzatulukira ndi magalimoto.

Mnansi_wa_ku_Zambia

Ndiyankhepo monga munthu wa ku Zambia, poti ife nkhani ya mtsogoleri wobwerera taionapo katatu, ndipo katatu konse inatha moipa.

Kenneth Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba mu 1991, UNIP n'kutsala ndi mipando 25 mwa 150. Anapuma, chipani chinasankha Kebby Musokotwane. Mu 1995 Kaunda anabwerera n'kutenganso utsogoleri. Boma la MMD linasintha malamulo mu 1996 kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia asaime, ndipo makolo a Kaunda anachokera ku Malawi. UNIP inanyanyala chisankho cha chaka chimenecho, n'kutaya ngakhale mipando yomwe inali nayo. Kenako utsogoleri unapita kwa mwana wawo Tilyenji. Lero UNIP ilipo dzina lokha.

MMD itagonja kwa Michael Sata mu 2011 inasankha Nevers Mumba mu 2012. Sata atamwalira mu 2014, Rupiah Banda anafuna kubwerera kuti aime pa chisankho cha January 2015. Nkhani inakathera kukhoti, Mumba anapambana mlandu, Banda anakathandiza Edgar Lungu wa PF, ndipo chipani chomwe chinalamula zaka 20 chinapeza mipando itatu yokha mu 2016.

PF nayo, Lungu atagonja mu 2021 ananena kuti wapuma, koma msonkhano wosankha wolowa m'malo sunachitike. Given Lubinda anangokhala wogwirizira. Mu October 2023 Miles Sampa anachititsa msonkhano wake n'kudzitcha mtsogoleri, Lungu n'kulengeza kuti wabwerera m'ndale, ndipo kuyambira pamenepo chipani chinakhalira kumakhoti. Mu December 2024 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti Lungu sangaimenso. Anamwalira mu June 2025 ku South Africa, chipani chisanakonze nkhani ya utsogoleri.

Apampando anu akhoza kunena kuti nanga Hakainde Hichilema, amene anagonja kasanu asanapambane mu 2021, ndi Sata amene anagonja katatu? Awauze kuti amenewo anali asanalamulirepo. Anthu anali asanawayese. Kugonja kwawo kunali kwakuti sitinakudziweni bwino. Kugonja kwa munthu amene anali pampando n'kwakuti takuonani, zatikwana. Musasakanize ziwirizi.

Kamnyamata_Kovuta

Akuluakulu mwalankhula bwino koma mukuzungulira. Ine ndili kumbali ya achinyamata a m'komiti mwa alembi, ngakhale chifukwa changa n'chosiyana ndi chawo.

Choyamba, nkhani ya Mahama anthu amainena theka. Ku Ghana wapampando wa chipani ndi woimira chipani pa chisankho ndi anthu awiri osiyana. Mahama atagonja mu 2016 sanali mwini wa NDC. Chipani chinali ndi wapampando wake ndi mlembi wamkulu wake, ndipo chinakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Kwesi Botchwey kuti iyende m'dziko lonse kufunsa anthu chomwe chinalakwika. Mahama atafuna kuimanso anachita kupikisana ndi anzake pa chisankho chachipulula mu 2019, n'kupambana. NPP, chipani chomwe chinkalamula Ghana, nayo itagonja mu 2024 inapatsa Mike Oquaye ntchito yomweyo yofufuza. Kumeneko munthu ukagonja umasanduka membala wamba mpaka nthumwi zitakusankhanso. Kubwerera kotero ine sindikutsutsa. Chomwe ndimakana ndi munthu mmodzi kukhala mtsogoleri wa chipani, woitanitsa msonkhano, wosankha komiti yofufuza kugonja kwake komwe, komanso wopikisana nawo. Amenewo si mpikisano.

Chachiwiri, tisamanamizane kuti Mahama ndi Mutharika anabwerera chifukwa chakuti zipani zawo zinakonza zolakwika zonse. Chachikulu chinali chakuti maboma omwe anawalowa m'malo anakumana ndi kukwera mitengo kwa zinthu ndi kugwa kwa ndalama, anthu n'kukwiya. Ghana inafika polephera kubweza ngongole zakunja kumapeto kwa 2022. Chipani chomwe dongosolo lake lonse n'kudikira kuti anzawo alephere chikhoza kupambana, inde, koma chikhozanso kudikira mpaka kalekale, chifukwa mkwiyo wa anthu sukakamizidwa kubwerera kwa inu. Ukhoza kupita kwa chipani chachitatu.

Zinachitika ku Canada mu 1993. Chipani cha Progressive Conservative chinali m'boma ndi aphungu oposa 150, chinatsala ndi awiri. Awiri! Mavoti ake anagawana a Reform ndi a Bloc Québécois, ndipo sichinadzukenso pachokha mpaka chinaphatikizana ndi china mu 2003. Apa ndivomereze mfundo yomwe ikupweteka mbali yanga: iwo anali atasintha kale mtsogoleri, Brian Mulroney atachoka n'kubwera Kim Campbell miyezi yochepa chisankho chisanachitike, koma sizinathandize. Nkhope yatsopano pa mfundo zakale anthu amaizindikira. Ku Botswana BDP inalamula kuyambira 1966, mu October 2024 inatsala ndi mipando inayi mwa 61. Amene ankaganiza kuti chipani chachikulu sichingafe aone pamenepo.

Labour ya ku Britain inatenga zaka 18, kuchokera 1979 mpaka 1997. Neil Kinnock anagonja mu 1987 n'kukhalabe, koma anakhala akuchita ntchito yowawa, kuchotsa kagulu ka Militant m'chipani ndi kusiya mfundo zomwe ovota anazikana. Atagonjanso mu 1992 anachoka. Tony Blair anadzakolola pomwe ena analima. Ndiye bwana wanu akafuna kukhala, mufunseni kuti ndi mfundo iti ya boma lake yomwe akuvomera kuti inali yolakwika, ndi ndani mwa anthu omuzungulira amene ali wokonzeka kumuchotsa. Akayankha kuti palibe, mwadziwa chomwe akukhalira.

Mlembi_wa_Dera

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndinapempha.

Amayi asungichuma, mwandilasa. Lipoti la ndalama za kampeni palibe analionapo, ndipo palibe analifunsapo. Buku la osonkha lendi ndiliyamba.

Pamsonkhano wa komiti ukubwerawu ndikufuna kupereka mfundo yoti tilembere kulikulu zinthu ziwiri. Atiuze mwezi wa msonkhano waukulu, ndiponso kuti komiti yofufuza za kugonja kwathu itsogozedwe ndi munthu amene sanali nduna komanso sakufuna mpando. Zoti bwana apite kapena akhale sindiikamo, chifukwa ndikaikamo apampando sadzasayina ndipo kalatayo idzafera m'chikwama changa. Achinyamata adzanditcha wamantha, ndikudziwa. Kamnyamata Kovuta, mfundo yako yolekanitsa wapampando wa chipani ndi woimira chipani ndaikonda kwambiri, koma imafuna kusintha malamulo a chipani, ndipo amasintha malamulowo ndi msonkhano waukulu womwewo. Tibwerera pomwe paja.

Koma pali china chomwe simunakhudze. Bwana wathu si phungu, ndiye ku Nyumba ya Malamulo kukufunika mtsogoleri wa mbali yotsutsa. Amene akutchulidwa onse ndi omwe akufunanso utsogoleri wa chipani. Ena akuti tisankhe munthu wachikulire wopanda chidwi ndi mpando kuti angogwirizira. Ena akuti zimenezo n'kuwononga zaka, pakufunika munthu wamphamvu amene anthu azimumva pawailesi tsiku ndi tsiku akulimbana ndi boma. Ine ndikuona kuti amene atenge udindo umenewo ayamba mpikisano ali patsogolo pa anzake, ndipo bwana ayamba kumuona ngati mdani. Nanga pamenepa mungatani?

Aphunzitsi_Opuma

Alembi, mantha anuwo ali ndi umboni wake. DPP itatuluka m'boma mu 2020, Kondwani Nankhumwa adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani m'chigawo cha kummwera komanso mtsogoleri wa mbali yotsutsa ku Nyumba ya Malamulo, pomwe a Mutharika adali kunja kwa Nyumbayo. Posakhalitsa chipani chidakhala ndi malikulu awiri. Akuluakulu adafuna kuika George Chaponda paudindowo, nkhani idalowa m'makhoti, ziletso zidatengedwa, ndipo zidatha a Nankhumwa atachotsedwa m'chipani kumayambiriro kwa 2024 n'kukayambitsa PDP. DPP idapulumuka n'kupambana, koma zaka zitatu ndi theka zidapita aphungu ake akulimbana okhaokha pomwe ntchito yawo idali kufunsa boma mafunso.

Ku India chipani cha Congress chidakumana ndi vuto lina. Mu 2014 chidapeza mipando 44 yokha, mu 2019 mipando 52, yosakwanira n'komwe kuti chipatsidwe udindo wa mtsogoleri wa mbali yotsutsa. Rahul Gandhi adatula pansi utsogoleri wa chipani mu 2019, mayi ake Sonia Gandhi n'kugwirizira zaka zitatu, mpaka mu 2022 pomwe adachititsa chisankho n'kupambana Mallikarjun Kharge. Mu 2024 adakwera kufika pa 99, ndipo Rahul ndi amene adakhala mtsogoleri wa mbali yotsutsa, Kharge akuyendetsa chipani. Maudindo awiri, anthu awiri, ndipo sakulimbana chifukwa aliyense akudziwa malire ake.

Ine maganizo anga ndi akuti aphungu asankhe okha mtsogoleri wawo mwa voti yachinsinsi, osati kulandira dzina lochokera kunyumba kwa bwana. Wosankhidwa ndi anzake amavuta kumuchotsa ndi kalata, komanso sangadzitame kuti adadzozedwa. Akhale wofuna mpando kapena ayi zilibe kanthu, malinga tsiku la msonkhano waukulu likudziwika. Wachikulire wongogwirizira ndimamukayikira, chifukwa m'ndale ogwirizira ambiri amati akalawa mpando amaiwala kuti adabwereka.

Msungichuma_Wakale

Kalata yanuyo, achimwene, musatumize nokha. Kalata ya dera limodzi amaiika m'diloo, mlembi wake n'kumuimitsa paudindo pa mlandu wosalemekeza utsogoleri. Yambani mwalankhula ndi alembi anzanu a madera oyandikana nawo, aliyense alembe yake m'mawu akeake, zifike kulikulu sabata imodzi. Werenganinso malamulo a chipani chanu, gawo lokamba za msonkhano wapadera. Zipani zambiri zili ndi ndime yonena kuti madera kapena zigawo zikafika chiwerengero chakutichakuti zikhoza kuitanitsa msonkhano popanda chilolezo cha mtsogoleri, kungoti anthu sawerenga.

Mapepala a zotsatira ali m'katoniwo ajambuleni onse pafoni, musunge kawiri. Komiti yofufuza ikadzabwera mudzaiwonetse malo ovotera amodziamodzi, mavoti a ulendo wapitawo ndi a ulendo uno moyandikana. Ndipo phungu woima payekha uja mupiteko sabata ino, inu ndi apampando, musadikire akulikulu. Mukamupepese pa zomwe zinachitika pa chipulula, mumufunse chomwe angafune kuti abwerere. A chipani cholamula akumulonjeza zitukuko za m'dera lake, inu mulibe choti mumupatse kupatula mawu akuti ulendo wamawa sadzaponderezedwanso, ndiye mukawanene mawuwo pamaso pa komiti yake yonse.